Avereji ya Mtali

Lachinayi lililonse a Fryson Mtalimanja akaweruka kuntchito ku Landover, sankalunjika kunyumba. Ankatsika sitima ku Silver Spring, kulowa m'kagolosale ka pafupi ndi siteshoni, n'kugula nyuzipepala ya zamasewera yomwe inkatuluka kamodzi pa sabata. Sankaitsegula m'njira. Ankaipinda pakati n'kuilowetsa m'thumba la jekete, ndipo ankayenda nayo ngati munthu amene wanyamula zotsatira za kuchipatala.

M'chaka cha 1985 anali ndi zaka makumi asanu ndi ziwiri, munthu wamtali, wowerama pang'ono, wosakweza mawu. Kwawo ku Ntcheu anaphunzitsa kalasi lomaliza la pulayimale kwa zaka khumi ndi chimodzi pa sukulu ya mishoni. Anabwera ku Washington mu 1969 kudzawonjezera maphunziro kwa zaka ziwiri, ndipo mkazi wawo, mayi Lenifa, anawatsatira chaka chinacho ndi mwana wawo Medson, yemwe anali ndi zaka zisanu. Zaka ziwirizo zitatha, makalata ochokera kumudzi anayamba kunena mozungulira kuti kunoko kukuzizira, musafulumire. Iwo anamva tanthauzo lake, chifukwa anzawo awiri amene anaphunzira nawo anali atatsekeredwa popanda mlandu. Sanabwerere. Satifiketi yawo yauphunzitsi sinagwire ntchito kuno, motero anakhala woyang'anira anthu okweza mipando m'malole pa nyumba ina yosungiramo katundu. Komabe Amalawi ndi anthu a ku Zambia opemphera nawo limodzi ankawaitanabe kuti aphunzitsi, ndipo cholembera chofiira sichinkachoka m'thumba la malaya awo.

Medson anakula ndi masewera amene bambo ake sanawamvetse. Pa besibolo wina amaponya kampira kolimba, wina amayesa kukamenya ndi chibonga, ena onse amangoima m'bwalo kudikira. A Mtalimanja anakaonerako kamodzi mwanayo ali ku sekondale. Anakhala padzuwa maola awiri, ndipo anabwerako akunena kuti ndi fulaye wa atsikana amene wangovekedwa yunifolomu. Medson anali woponya, ndipo dzina la banja linamuyenera: manja ake ankafika pamene a anzake ankalekera patali.

Atamaliza sekondale mu 1983 kunabwera zinthu ziwiri sabata imodzi. Choyamba chinali kalata ya ku koleji yomupatsa malo. Chachiwiri anali mzungu wina wachipewa, wotumidwa ndi timu yaikulu, amene anakhala pampando wa alendo n'kufotokoza kuti mnyamatayo sadzayambira pamwamba. Adzayambira m'matimu ang'onoang'ono a m'matauni akutali, kumene anyamata amakwera kalasi ndi kalasi, ndipo ambiri amathera panjira. Matimu amenewo iye ankawatchula kuti famu.

"Famu?" anafunsa mayi Lenifa m'Chichewa, atatembenukira kwa amuna awo. "Tinawoloka nyanja kuti mwana akakhale tenanti?"

Mlendo atapita, bambo ndi mwana anakhala pa thebulo mpaka tiyi anazizira. A Mtalimanja anali ataona ndi maso awo chimene munthu amakhala akasowa pepala loyenera, ndipo sankafuna kuti mwana wawo adzakalambe akunyamula mipando ya eni. Koma ankaonanso nkhope ya Medson.

"Zaka zitatu," anatero pomaliza. "Ukakhoza, pitiriza. Ukalephera, ubwerera kusukulu, ndipo sitidzakanganapo."

"Nanga adzanene ndani kuti ndakhoza?" anafunsa Medson. Chichewa ankamva chonse, koma ankayankha m'Chingelezi, monga ana ambiri okulira kuno.

"Malikisi adzanena. Manambala sakondera."

Anagwirana chanza. A ku koleji anavomera kusunga malowo, koma ananena kuti tsiku lomaliza kulandira fomu ya mnyamatayo lidzakhala pa 15 Ogasiti 1985. Likadzadutsa tsikulo, malo adzapita kwa wina.

Umu ndi mmene Lachinayi linakhalira tsiku lolemera. Kumapeto kwa nyuzipepala ija kunali masamba a tizilembo ting'onoting'ono ngati nyerere, mmene munkalembedwa manambala a anyamata onse a m'matimu a famu. Manambalawo ankafika atagona masabata awiri, koma a Mtalimanja analibe kwina kowapeza. Ankayala tsambalo pa thebulo, kutenga galasi lokuzira zilembo ndi rula, n'kutsika mzere ndi mzere mpaka atapeza dzina. Mpata unali wochepa, choncho osindikiza analidula manja dzinalo, linangotsala Mtali. Mayi Lenifa sanakondwere nazo. Anati munthu wodyera manja sam'lemba choncho.

Pa mzere wa woponya aliyense panali manambala ambiri, koma yakumapeto inali ndi zilembo zitatu pamwamba pake, ERA. A Mtalimanja anafunsa dalaivala wina kuntchito kuti chilembo chomalizacho chimaimira chiyani. Dalaivalayo anati avereji. Iwo sanafunsenso. Munthu amene wakhala akuwerengera ana avereji kwa zaka khumi ndi chimodzi safunsa dalaivala tanthauzo la avereji. Anaona kuti manambalawo sankapitirira khumi kawirikawiri, motero anadziwa kuti malikisi ndi a pa khumi. Anagula kope, analemba dzina lonse la mwana wawo pachikuto, ndipo pa tsamba loyamba anajambula mzere wofiira pa 5.00. Pamwamba pa mzerewo panali kukhoza, pansi pake kulephera.

Chaka choyamba Medson anamaliza ndi 6.12. Bambo ake analemba m'kope kuti wayamba bwino, ndipo pa Khirisimasi anam'gulira wotchi yapamkono. Medson anayang'ana wotchiyo, anayang'ana bambo ake, anathokoza motsitsa mawu n'kulowa kuchipinda. A Mtalimanja anauza mkazi wawo kuti mwana wosadzitama ndi dalitso.

Chaka chachiwiri anamaliza ndi 5.40. Analemba kuti wakhoza, koma alimbikire.

Chaka chachitatu anam'tumiza ku tauni ina ya ku North Carolina, ndipo nambala inagwa ngati mwala. Mwezi wa Meyi inali 3.05. Juni inali 2.41. A Mtalimanja ankabwereza kuika rula, kupukuta galasi, kuyang'ananso, poganiza kuti mwina atsetserekera pa mzere wa mwana wa eni. Ayi, anali Mtali yemweyo. Mu Julaye nyuzipepala inasindikiza kabokosi ka oponya khumi a ligi imeneyo, ndipo dzina la Mtali linali loyamba, nambala yake 1.98, yochepa kuposa onse. Iwo anadziwa chimene kabokosiko kanali. Ku mishoni kuja, tsiku lotsekera sukulu, ahedi ankawerenga zotsatira kuyambira kumchira, kuti zamanyazi zithe msanga makolo asanayambe nthungululu. Tsono dziko lonse la Amereka linali kuwerenga kuti mwana wa mphunzitsi ndiye wakumchira.

Chimene chinkawalasa kwambiri chinali foni ya Lamlungu. Medson ankaimba ali wosangalala, akuseka, akusimba za mabasi ndi za chakudya choipa cha m'njira. Bambo ake ankakudziwa kuseka kotero. Ana olephera ndiwo ankaseka mokweza kuposa onse tsiku lotsekera.

"Adadi, mwaona nyuzipepala?" anafunsa Lamlungu lina.

"Ndaona."

"Ndiye?"

"Limba mtima, mwana wanga."

Medson anapempha kulankhula ndi mayi ake.

Mayi Lenifa sanauzidwe kanthu. Akafunsa, amuna awo ankangoti zikuyenda, n'kutseka kope. Koma ankaona kuti bamboyo akusiya chakudya m'mbale, ndipo lamba wawo wasunthira pa bowo lina. Kuntchito a Mtalimanja anakwezetsa mipando ya ku Rockville m'lole ya kwina, chinthu chimene sanachitepo zaka khumi ndi zinayi.

Lolemba pa 5 Ogasiti analemba kalata. Anailemba m'Chingelezi kuti mwanayo asaphonye liwu ndi limodzi lomwe. Anati: "Mwana wanga, ndatsatira manambala ako zaka zitatu. Walephera, ndipo palibe manyazi. Kumudzi ndinaona ana akubwereza kalasi mpaka kumera ndevu, chifukwa panalibe wowakonda mokwanira kuti awauze zoona. Ine ndikukuuza. Saina fomu iyi, uitumize ku koleji pasanafike pa 15, ubwere kunyumba." Anaikamo fomuyo pamodzi ndi envelopu yomata kale sitampa, ndipo anakaiponya okha. Medson anali atawauza kuti Lamlungu likudzalo timu yake idzasewera ku Hagerstown, mtunda wa ola ndi theka kuchokera kunyumba, ndipo anawapempha kuti abwere. Iwo anati ali ndi msonkhano kutchalitchi. Sakanatha kukhala pa benchi n'kumaona mwana wawo akuchititsidwa manyazi.

Lamlungulo, mapemphero atatha, anakumana ndi a Chomba pa malo oimika magalimoto. A Chomba anali a ku Lusaka, oyendetsa takisi, ndipo wailesi ya m'galimoto mwawo inkangokhalira besibolo ya ku Baltimore chilimwe chonse.

"Ba Ticha, ndimwe boumila," anatero a Chomba m'Chinyanja chawo cha ku Lusaka. "Mwana ali pamwamba mu pepa, imwe zii, osatiuzako? Naona neka, Mtali, nambala wani. Mufuna kudya mweka?"

A Mtalimanja anaima.

"A Chomba, ndimakulemekezani. Musandiseke pa tchalitchi pano."

"Kuseka chani?"

"Mwana ali ndi 1.98 pa khumi. Ndikudziwa. Sindikufuna wondikumbutsa."

A Chomba anawayang'ana nthawi yaitali, makiyi ali lende pa chala.

"Pa teni? Ba Ticha, ija nambala mwenze kuiwerenga bwanji?"

"Monga avereji iliyonse."

"Iyayi. Ija si malikisi yamene iye wapata. Ni yamene adani bamudyela. Monga goloboyi: wabwino ni uja bamumwetsa zigoli zing'ono. Nambala ikankhala pansi, ndiye bwino. Mwana wanu palibe wamene amukwanisa mu ligi yonse ija."

A Mtalimanja anagwira chitseko cha takisi. Mayi Lenifa, amene ankatsazikana ndi amayi anzawo, anali atayandikira ndipo anamva zonse.

"Nanga 6.12?" anafunsa bamboyo motsitsa.

"Iyo ni yoipa maningi. Na iyo bangakupishe nchito."

"Ndinam'gulira wotchi."

A Chomba anayamba kuseka, koma ataona nkhope ya mnzawo analeka.

"Bambo a Medi," anatero mayi Lenifa, "mwachita chiyani?"

Anawauza za kalata ija, mawu ake onse monga anawalembera, ndi za fomu, ndi za sitampa. Mayiwo anafunsa tsiku limene inapita. Atamva kuti Lolemba, anawerenga masiku ndi zala, ndipo anaona kuti inam'peza mwanayo asananyamuke.

"Medi sakukanizani chinthu," anatero. "Mukati wagwa, amagwadi. A Chomba, lero mulibe ntchito?"

"Nchito ni iyi yamene, amai. Ngenani."

Anadutsa ku Rockville, anadutsa ku Frederick, msewu unayamba kukwera timapiri. A Mtalimanja anakhala kutsogolo, tayi ya kutchalitchi ikadali pakhosi, manja ali pamaondo. Ankawerengera m'mutu. Ngati kalata inafika Lachinayi, ndipo mwana anasaina tsiku lomwelo, fomu ili kale ku koleji. Zimenezo zikhoza kubwezeka. Koma ngati wakauza akuluakulu a timu kuti akusiya, malo ake apatsa kale wina, chifukwa mzungu wachipewa uja ananena kuti pambuyo pa mnyamata aliyense pali ena khumi akudikira. Mwina n'kutheka kuti ku Hagerstown sanabwereko n'komwe. Mwina ali m'basi, chikwama chili pamiyendo, akupita kunyumba imene iwo angoitseka.

"Amati safunsa anadya phula," anatero mayi Lenifa kumbuyo, osakweza mawu. "Koma inu phulalo mwadyetsa mwana."

A Chomba anafuna kutsegula wailesi, kenaka anabweza dzanja.

Anafika masewera akupita kumapeto. Bwalo linali laling'ono, mabenchi ake ouma, anthu ake akudya mtedza padzuwa. A Mtalimanja anayang'ana anyamata onse amene anali m'bwalo, mmodzimmodzi, monga ankachitira poitana mayina m'kalasi. Medson munalibe.

"Wapita," anatero.

"Nkhalani pansi, ba Ticha. Uja bamusunga. Angena kothela, vintu vikavuta."

Anakhala. Timu ya Medson inkatsogola ndi chigoli chimodzi chokha. Woponya amene analipo anayamba kumenyedwa, eni bwalo anayamba kukuwa, ndipo bambo wina wamimba, wovala yunifolomu ngati anyamatawo, anatuluka n'kukodola ndi dzanja cha kumpanda. Kumeneko kunanyamuka munthu wamtali, akuyenda mosafulumira, mutu uli pansi. Mayi Lenifa anagwira mkono wa amuna awo.

A Mtalimanja sanamvetse zambiri za zimene anaona. Anaona mwana wawo akutukula mwendo, dzanja likuzungulira ngati chikwapu, ndipo kampirako kankalira m'golovesi yachikopa ya wowakha womenya asanamalize kugwedeza chibonga. Womenya woyamba anabwerera kukakhala pansi. Wachiwiri anabwereranso, akulankhula yekha. Pa bolodi la manambala panaikidwa ziro. Chigawo chomaliza chinathanso chimodzimodzi, ndipo panaikidwa ziro wina.

"Mwaona ziro?" anatero a Chomba. "Kuno ndiye handiredi pa handiredi."

Masewera atatha anakaima pa mpanda wa waya pafupi ndi basi ya timu. Medson anatuluka mochedwa, chikwama chili kudzanja lamanzere, phewa lamanja litakulungidwa ndi thaulo lodzaza ayezi. Atawaona anaima kaye. Anapatsa moni mayi ake, anapatsa moni a Chomba, kenaka anatsegula chikwama n'kutulutsa envelopu ija, yomata kale.

"Adadi, ndasaina," anatero, ndipo mawu awiri amenewa anawanena m'Chichewa. Otsalawo anapitiriza m'Chingelezi. "Ndimafuna ndiponye kaye mpira lero. Mawa m'mawa ndiiponya ku positi, kenako ndikawauza abwana. Munati sitidzakanganapo."

"Sunawauze?"

"Mawa."

A Mtalimanja anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso.

"Medi, ndinkawerenga chozondoka. Ndinkayesa kuti nambala yaikulu ndiye yabwino."

Medson anawayang'ana ngati sanamve.

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira pachiyambi."

"Zaka zitatu?"

"Zaka zitatu."

"Nanga wotchi ija?"

"Ndinkakuyamikira kuti wakhoza."

Medson anatsamira mpanda. Mapewa ake anayamba kugwedezeka, ayezi akusungunukira m'malaya, ndipo sizinadziwike msanga ngati akuseka kapena akulira.

"Ine ndinkaganiza kuti mukundiuza kuti nthawi yanga ikutha," anatero. "Ndinaibisa m'sokosi. Sindinaivalepo."

"Bambo ako ndi mphunzitsi," anatero mayi Lenifa. "Sukulu yawo yatsegulidwa lero ndi a Chomba."

Medson anapereka envelopu ija kwa bambo ake pamwamba pa waya. A Mtalimanja anailandira, ndipo pamenepo m'pamene anazindikira kuti mantha awo sanathe, angosintha malo. M'manja mwawo munali chinthu chimene anachifuna kuyambira tsiku limene anatsika ndege: malo a mwana wawo ku koleji, atasainidwa, sitampa ili pomwepo. Bokosi la positi analiona pa ngodya pamene ankalowa m'tauni. Anakumbukiranso, ndipo anachita manyazi, kuti Lolemba lija poponya kalata, pansi pa chisoni chonse panali kampumulo kakang'ono.

"Phewalo likupweteka?" anafunsa.

"Pang'ono. Aliyense limam'pweteka."

"Likadzakana?"

"Sindikudziwa, adadi."

Palibe amene anawathandiza. A Chomba anayang'ana kumbali, mayi Lenifa anayang'ana amuna awo. Dalaivala wa basi analiza injini.

A Mtalimanja anatulutsa cholembera chofiira. Anatsamiritsa envelopu pa mtengo wa mpanda, anadula mzere pa adiresi ya koleji kuchokera ngodya ina kufika ina, ndipo pansi pake analemba liwu limodzi, Wakhoza. Chilembo chomaliza chinatuluka chokhota. Anaonetsa mwanayo, kenaka anapereka envelopuyo kwa mayi Lenifa, amene anaiika m'chikwama chawo pamodzi ndi buku la nyimbo.

"Wotchiyo uzivala," anatero bamboyo.

Pa 15 Ogasiti linali Lachinayi. A Mtalimanja anadzuka akudziwa kuti dzuwa likamalowa malo aja akhala a mwana wa wina. Poweruka anagula nyuzipepala monga mwa nthawi zonse. Asanaitsegule anatenga kope lija, anadula ndemanga zonse za zaka zitatu imodziimodzi, n'kusaina pambali pa iliyonse, monga amachitira mphunzitsi akalakwitsa pochonga. Kenaka anaika rula pa tsamba. Mtali, 2.07. Nambala inali itakwera.

Anaimba foni kwa a Chomba.

"Ndifunseko. Kuchoka pa 1.98 kufika pa 2.07, n'zoopsa?"

"Iyayi, ba Ticha. Iyo ni tsiku imozi chabe yoipa. Pumulani."

"Chabwino. Nanga pa manambala onsewa, ilipo yonena za phewa?"



"Iyo sibalemba mu pepa. Iyo mufunse mwine wake."

A Mtalimanja anathokoza n'kuika foni pansi. Anatsegula tsamba latsopano m'kope, analemba pamwamba pake kuti Zofunsa Medi, ndipo pansi pake analemba nambala wani, phewa. Kufika Lamlungu kunali kutatsala masiku atatu.